Ng'ombe Imene Koinet Anapatsa Mkango

Lolemba, 4 Novembala

Ndamupeza! Miyendo ili zii, minga tho m'nsapato, koma ndamupeza. Nalotuesha, mkango waukazi uja, ali m'khwawa la mikuyu, kunja kwa malire a paki ya Tarangire, kwathu kuno kwenikweni. Mabere odzaza, mimba yaphwa. Ndinadziwiratu. Ndinakwera pachulu, kudikira mpaka dzuwa kundiwotcha paliwombo, kenaka timitu tinasuzumira pansi pa mizu. Titatu! Timawangamawanga, kuyenda kodzandira ngati tamwa mowa. Kamodzi kanagwa chagada mumchenga n'kulephera kutembenuka. Ndaseka ndekha m'tchire ngati wamisala.

Kusekako sikunakhalitse. Malo amene wasankha mayiyu, aaa! Mvula yagwa kamodzi kokha, ndipo udzu waphukira m'mbali mwa khwawa lomwelo. Ng'ombe za mudzi wonse mphuno zaloza komweko.

Sindikumuda ayi. Gulu lake lalandidwa ndi mikango iwiri yamphongo yachilendo, ija ya ubweya wakuda m'khosi. Yamphongo ikalanda gulu imapha ana onse amene yawapeza. Iye akudziwa. Ndiye wathawira kwa ife anthu a mikondo, ati ndife abwinoko. Ha!

Ndaimbira Dada Rehema, mayi amene ndi bwana wanga, ku ofesi. Akuti ndichenjeze abusa, galimoto ili ku Arusha kokonzedwa. Galimoto imeneyi imakhala kokonzedwa chaka chonse. Ntchito ndi yomweyo basi: m'mawa kutsata mapazi a mikango, masana kuuza abusa kosapita, kuti mkango usadye ng'ombe, munthu asaphe mkango. Mkazi wanga Nasieku amati ndine mbusa wa zoweta zimene sizinandipatsepo ngakhale dontho la mkaka.

Lachiwiri, 5 Novembala

Ndazungulira makola onse. Ena amva, ena angogwedeza mutu maso ali kumitambo. Womalizira Koinet. Ndinamupeza akuchotsa nkhupakupa m'khutu mwa Sampu, ng'ombe yake yamizeremizere ija, uku akuiimbira ngati chibwenzi.

"Pakiteng! Wabwera ndi nkhani za amphaka ako?" Moni wake ndi ameneyo.

Pakiteng. Papita zaka asanatchule dzina langa, nanenso lake ndimangolilemba muno. Chaka cha chilala chachikulu, m'khola mwanga mutatsala ndowe zokha, Koinet anabwera akukusa thole, mwana woyamba wa Sampu, n'kulilowetsa m'khola. Kuyambira pamenepo dzina lathu ndi limodzi, wopatsa ndi wopatsidwa, mpaka manda: Pakiteng, ng'ombe yanga. Akanandipatsa mbuzi bwenzi tikuitanana Pakine, koma Koinet sachita zinthu mwatheka. Thole lija lero ndiye mayi wa khola langa lonse.

Ndamuuza kuti kukhwawa la mikuyu ayi, mpaka tiana tiyambe kuyenda.

Iye: "Nanga ng'ombe zanga zidye chiyani, malangizo ako? Taona nthitizi, ungaziwerenge uli ku Emboreet."

Sakunama. Wandimwetsa mkaka wowawasa, taseka za mkazi wake wamng'ono amene akufuna foni yojambula. Walonjeza kudyetsera kumtunda kokha. Lonjezo la munthu wa ng'ombe zowonda. Ndabwerera mtima uli m'malere.

Lachinayi, 7 Novembala

Tsiku lonse pachulu. Nalotuesha wawonda, mafupa a m'chiuno ali poyera. Nyumbu ndi mbidzi sizinatulukebe m'paki, zikudikira mvula yeniyeni. Wayesa njiri m'mamawa, njiri mchira njoo, kulowa kuuna chambuyo. Wabwerako wopanda kanthu, tiana n'kumuthamangira, kukoka mabere ngati tikukoka chingwe. Anangotseka maso.

Sindititcha mayina. Ndinaphunzira. Kamwana ka mkango umakatcha dzina kakaona chilimwe chachiwiri, apo ayi umangodziputira maliro. Koma kamodzi ndi kakang'ono kuposa tinzake, kamafika mochedwa pabere, ndipo maso anga amangopita pa iko.

Mbandakucha ndinamva amphongo aja akubangula chakumadzulo. Sali pafupi, komanso sali kutali. Masana, mabelu a ng'ombe chakum'mawa. Iye pakati. Nanenso pakati. Sindingathe kukhala pansi, sindingathe kuchoka. Ndathamangitsa gulu limodzi la mbuzi, mwini wake wanditukwanira agogo anga omwe.

Mafuta a njinga yamoto atha. Wapansi basi.

Loweruka, 9 Novembala

Sampu wapita.

Tsoka silinunkha. Dzulo madzulo anapatuka pagulu kutsata udzu wa m'munsi, abusa anazindikira ali kale pakhola. M'mawa uno tamupeza m'mphepete mwa khwawa, pansi pa mthethe, mimba yatha, ntchafu imodzi palibe. Mapazi ndi a Nalotuesha, chala chopindika chakumanzere chija. Sindikanatha kunamizira fisi ngakhale ndikanafuna. Onse anaona.

Amuna tinaima mozungulira. Koinet anagwada, kumasula belu m'khosi mwa Sampu, kulipukuta ndi nsalu yake. Osalira, osatukwana. Zimenezo ndizo zinandiopsa. Mepukori, mtsogoleri wa amorani, anyamata athu a mikondo, anali atayamba kale kunjenjemera mapewa monga amachitira akafuna magazi.

Ndiye ine, pakamwa panga apa. Ndinkafuna kuthira madzi pamoto, Mulungu akudziwa. Ndinati: "Basi, mnzanga, wamupatsa ng'ombe yathunthu mayiyu. Kuyambira lero ndi Pakiteng wako!"

Anaseka. Onse. Mepukori mpaka kutsamira mkondo, misozi m'maso. Ndinaona ngati ndachita bwino, mapewa a anyamata anatsika, wina sanatchulenso zopita kukhwawa. Koma Koinet anandiyang'ana kamodzi kokha, belu lili m'manja, n'kunyamuka kumapita. Sanatenge ngakhale chikopa.

Nasieku nditamufotokozera sanaseke. "Bambo a Resian, munthu ali pamaliro inu n'kumukirigita?" Ndamukalipira kuti sadziwa za amuna.

Lamulungu, 10 Novembala

Asa! Atsikana aipanga nyimbo. Kuchitsime, potunga madzi: Koinet wowolowa manja, wapatsa mkango ng'ombe, mkango umubwezera ndevu. Ikukoma moti nanenso ndinaigwira m'mutu, ndipo ndikudzida. Ana akumutsatira kumbuyo akukwawa, "Pakiteng, Pakiteng, ndagwa njala!"

Ndayesa kuwaletsa, akuti woyambitsa ndinu. Madzi akatayika saoleka.

Tiana tonse tilipo. Timimba tatupa koyamba. Ndaona kakang'ono kaja kakukankha tinzake pabere, mtima wanga n'kusangalala, kenaka ndakumbukira kuti mkakawo wachokera kuti.

Lolemba, 11 Novembala

Ndinakumana ndi Koinet panjira ya kudibi. Ndinakweza dzanja: "Pakiteng!"

"Wadzuka bwanji, Parsaloi."

Parsaloi! Dzina langa lenileni, ngati akuwerenga pakhadi la kuchipatala. Bola akanandimenya ndodo pamphumi. Ndinaima pamenepo ng'ombe zake zikundidutsa mbali zonse, iye osacheuka. Belu la Sampu wavala m'chiuno, likulira akamayenda.

Ndakwiya nanenso, ndisaname. Kodi sindinamuchenjeze? Ndinapita ndi miyendo yangayi mpaka pakhola pake! Ng'ombe yasochera ndi abusa ake, ine ndalakwa chiyani? Ndalankhula zonsezi mokweza ndili ndekha m'tchire, nkhanga zokha zikundimvera. Pomaliza penipeni ndimabwerera pomwepo: ng'ombe anamulanda ndi mkango, ulemu ndinamulanda ndine.

Lachiwiri, 12 Novembala

Tsiku la msika. Ndinapita kukagula mchere wa ng'ombe, ndabwerako ndi mutu waukulu. Wogulitsa mankhwala a zoweta wandinong'oneza kuti Koinet wagula kapaketi kaja ka timibulu tabuluu, ka mbozi za m'munda. Koinet alibe munda. Sanagwirepo khasu chibadwire.

Timibulu timeneto ndikutidziwa. Ukawaza panyama, mkango umafa, ana ake, afisi, ankhandwe, miimba mulu. Ndinaonapo chaka china kuchigwa, fungo lake silinandichokebe m'mphuno.

Ndathamanga kuchokera kumsika mpaka kumthethe kuja. Zotsala za Sampu zinali pompo, mutu ndi nthiti, ntchentche zamoyo, ndiye kuti sanafikepo. Ndaunjika nkhuni, ndatentha zonse. Utsi unaoneka mudzi wonse. Tsopano akuti Parsaloi wawotcha ng'ombe ya mnzake kuti mkango wake usapse pakamwa.

Dada Rehema akuti ndikanene kwa asilikali oteteza nyama zakutchire. Ndikanene Koinet? Akamugwira ndi kapaketi kameneko ndi ndende. Ndawauza kuti foni ikudukaduka, sindikumva. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndanyowa kale.

Mepukori wandiimitsa pobwerera. "Mkulu, tikukulemekezani, koma akangoti Koinet tiyeni, tipita. Musadzaime kutsogolo." Akulu a mudzi aletsa kusaka, koma anyamata akudikira mawu a mwini ng'ombe. Zonse zili pakamwa pa Koinet.

Lachinayi, 14 Novembala

Ndine chitsiru. Ndilembe kawiri: chitsiru.

Ndinaganiza kuti munthu walira Sampu, nanga bwanji ndimupatse magazi a Sampu? Ndinatulutsa mwana wa Sampu m'khola, yemwe uja anandipatsa, mizere yake ngati ya mayi ake. Nasieku anali kokatola nkhuni, akanandigwira mwendo. Ndinakusa ng'ombeyo mpaka pachipata cha Koinet, mtima uli mbee, ndikudziona ngati munthu wanzeru.

Anatuluka, kuyang'ana ng'ombe, kuyang'ana ine. Akazi ake onse awiri anasiya zimene ankachita.

"Ukundibwezera?"

Pamenepo m'pamene ndinamva mmene zikuonekera. Ng'ombe ya Pakiteng sibwezedwa. Ukaibweza ndiye kuti wanena kuti tenga zako, ine ndi iwe tathana. Mwana aliyense amadziwa zimenezi, ndi ine ndemwe ndimadziwa, koma mutu wanga unali pa mizere basi. Ndinayamba kufotokoza, mawu akupunthwana. Iye anangotenga nthambi yaminga n'kutseka chipata, masana dzuwa likuswa mtengo.

Ndabwerera nayo ng'ombe, ikundiyang'ana ngati nayonso ikudabwa. Nasieku wagwira pakamwa. Kenaka: "Inu, mikango ija yakudyani nzeru. Mumadziwa chala chopindika cha mkango, koma mtima wa mnzanu simuudziwa pomwe uli."

Ndinakatsekera ng'ombeyo m'khola.

Lachisanu, 15 Novembala

Kakang'ono kaja kafa.

Amphongo aja afika. Mapazi awo akuluakulu mumchenga wa khwawa, udzu wagona ponseponse, ubweya wakuda pazitsamba, magazi. Nalotuesha wamenya nkhondo, zikuoneka. Kamwanako ndakapeza pansi pa mizu, sanakadye n'komwe, anangokaluma pamsana n'kukasiya. Kopepuka ngati nkhuku. Ndakakwirira ndi miyala kuti afisi asakapeze, ngakhale ntchito yanga sinena zimenezo.

Si ndinati sindititcha mayina? Ndinanama. Mumtima ndinkakatcha Wochedwa.

Mayi ndi tiwiri tija palibe. Mapazi ake akutsika ndi khwawa, mwendo wakumbuyo ukukoka, madontho a magazi apa ndi apo. Wanyamula kamodzi, wabwerera, wanyamulanso kena. Kenaka mvula, chimvula chenicheni chimene takhala tikuchipempha, chafafaniza zonse. Anthu akuvina kumudzi. Ine ndaima pamvula ndikutukwana mitambo.

Lolemba, 18 Novembala

Palibe. Ndasaka kumiyala yofiira, kudambo, kumlambe wobooka. Palibe. Nsapato yaduka lamba, ndamanga ndi waya.

Dzulo miimba inkazungulira chakumpoto kwa khola la Koinet. Ndinathamanga mpaka kulawa magazi kukhosi, ndikuona kale m'maso mwanga mkango uli gone, thovu kukamwa. Bulu wakufa. Bulu chabe, wa mayi wina wokalamba. Ndinakhala pansi pambali pa buluyo n'kumaseka.

Nyumbu zayamba kutuluka m'paki, mbidzi nazo, chigwa chadzaza. Zikanabwera masabata awiri apitawo bwenzi Sampu ali moyo, ine ndili ndi dzina. Ndikaziona zikudya mosatekeseka ndimafuna kuzigenda.

Kunyumba sindikhala. Ndikangokhala pansi, ndadzuka. Mwana wanga Resian wandifunsa ngati ndili ndi nsabwe. Nasieku amangondiikira tiyi osanena kanthu, ndiye ndimadziwa kuti wandimvera chisoni, zimene zimandipsetsanso mtima.

Koinet sindinamuone. Nyimbo ija ikadalipo, awonjezera ndime ya ng'ombe yobwezedwa.

Lachitatu, 20 Novembala

Mkazi wamkulu wa Koinet wabwera kwa Nasieku ngati wodzabwereka singano. Singano ayi. Akuti mwamuna wake akumatuluka kusanache, yekha, ndi mkondo wautali wa unyamata wake, uja anausiya atakwatira. Waunola mpaka kumetera ubweya wa pamkono. Sanaitane Mepukori, sanaitane aliyense. Akuti ananena kuti amene anaseka adzaone mchira wa Pakiteng wakeyo uli pamkondo, tione ngati adzaimbenso.

"Muuzeni mlamu amupeze," anatero mayiyo. "Ine za mkango sindisamala. Ndikufuna bambo wa ana anga."

Munthu mmodzi, mkango wovulala wa ana. Ameneyo sathawa, amabwera. Mmodzi wa iwo afa, mwina onse, ndipo tiana titsatira. Zonsezi chifukwa cha nthabwala imodzi ya Parsaloi.

Ndasiya kutsata mkango. Mawa nditsata Koinet. Mapazi ake ndimawadziwa kuyambira tili tiana toweta mbuzi, amaponda ndi chidendene ngati mwini dziko.

Lachinayi, 21 Novembala

Ndilembe ndisanaiwale.

Ndinamutola mapazi kuseri kwa khola lake kutangocha. Matope anandithandiza. Anadutsa dambo, kukwera miyala yofiira, kutsikira kukakhwawa kakang'ono kamene ine ndinakadutsa kawiri osayang'anamo. Iye anaona zimene ndinaphonya.

Ndinamuona ndili patali pang'ono. Waima pamwamba pa gombe, nsalu wamanga m'chiuno, mkondo uli m'mwamba, dzanja kumbuyo. Pansi pake, pamchenga, Nalotuesha wagona chammbali, chilonda chachikulu pantchafu, tiwiri tija tili pabere. Anali atamuona. Makutu gone, mchira ukumenya pansi, kulira kwa m'mimba kuja kumene umakumva m'mapazi.

Kukuwa sindikanatha. Ndikanangoti "Koinet!" mkango ukanadumpha. Kuthamanga ayi. Ndinangoima ndikuyang'ana nsonga ya mkondo. Sindinapemphere n'komwe.

Dzanja lija linakhala m'mwamba, linakhala, linakhala. Kenaka linayamba kutsika pang'onopang'ono. Anabwerera chambuyo, phazi ndi phazi, maso ali pa mkangowo, mpaka kuseri kwa mwala. Atatembenuka anandipeza ndili njo. Sanadabwe.

Tinayenda mpaka kudambo. Kumeneko anakhala pachitsa, thukuta kamukamu, ndipo analankhula akuyang'ana pansi. Ndilemba monga ananenera.

"Dzanja linali litapita kale. Ndiye ndinaona tianato tikuyamwa, mkaka ukutsika m'tindevu. Ndinadzifunsa kuti mkaka umenewu wauchotsa kuti mayi wowonda chonchi? Ndi wa Sampu. Sampu wanga ali m'timimba timeneto. Ndiye mawu ako onunkha aja anabwera okha m'kamwa mwanga. Ndinamuitana, iwe. Ndinati Pakiteng. Ndani analasapo Pakiteng wake?"

Anatulutsa kapaketi kabuluu kaja m'lamba, kosatsegula, n'kukaponya pamapazi anga. "Kakwirire kutali ndi madzi. Ndinakagula ndili wokwiya, koma sindine mfiti."

Mtima wanga unasefukira. Ndinatambasula dzanja, ndinati Pakiteng, mbale wanga, ndikhululukire.

Anayang'ana dzanjalo osaligwira. "Ayi, Parsaloi. Iwe unabweza yako. Ine Pakiteng ndili naye mmodzi tsopano, ali m'khwawamo."

Ananyamuka, belu la Sampu likulira m'chiuno. Mkango wapulumuka, tiana tapulumuka, Koinet wabwerera kwa ana ake. Zonse zimene ndinkapempha ndalandira. Ndiye ndikulira chiyani munthu wamkulu ngati ine?

Loweruka, 23 Novembala

Koinet wazinena poyera, pomwetsera ng'ombe, amorani onse alipo. Akuti munandiimba kuti mkango ndi Pakiteng wanga, chabwino, ndavomera. Ndiye amene akhudze iye kapena ana ake wakhudza khola la Koinet. Mepukori anayesa kuseka, anapeza akuseka yekha. Nyimbo yafa tsiku lomwelo, nanga ikomanso bwanji mwini wake ataivala ngati mkanda?

Dada Rehema asangalala kwambiri, akuti ndalankhula bwino ndi anthu, andiyamikira pamsonkhano. Ndangoti zikomo.

Nalotuesha wagwira mwana wa nyumbu, mwendo ukukokabe koma akudya. Chilonda akuchinyambita, chauma m'mbali. Amphongo aja abwerera m'paki kutsata akazi ena. Ndimayenera kukondwa. Ndinakhala pamiyala yofiira tsiku lonse ngati mlendo.

Madzulo Nasieku anandipeza ndikuyang'ana mwana wa Sampu m'khola. "Mukayang'anitsitsa ikamba?" Kenaka anatsitsa mawu. "Bambo a Resian, nyumba ikagwa sayambira kudenga. Ng'ombe mwaiwononga nokha. Yambirani pa mbuzi."

Mbuzi! Munthu amene anandipatsa ng'ombe pachilala, ine kukamupatsa mbuzi? Andiseka mpaka ku Naberera. Ndamuuza kuti za amuna azisiye. Wangokweza mapewa. Mawu omwewo ndinamuuza tsiku lija la Sampu.

Lamulungu, 24 Novembala

Ndapereka mbuzi. Yaikazi, yoyera, ya bere, yabwino kuposa zonse. Sindinayerekeze kuima pachipata. Ndinaimangirira pamtengo panja pa khola lake kusanache, iye asanatulutse ng'ombe, n'kubwerera mothamanga ngati wakuba. Wakuba wosiya katundu.

Akaibweza, basi, kwatha. Akaisunga...

Lachiwiri, 26 Novembala

Mbuzi sinabwere. Komanso mawu sanabwere. Resian akuti anaiona ili m'gulu la mbuzi za Koinet, koma mwana ameneyu mbuzi yoyera iliyonse amati ndi yathu.

Belu lililonse likalira panjira ndimatuluka. Dzulo ndatuluka kambirimbiri, mpaka Nasieku anati andimangirire pamtengo ngati mbuzi ija. Tulo palibe. Mwina waipha wadya. Mwina wapatsa ana. Mwina akudikira tsiku la msika kuti adzandibwezere pamaso pa anthu, monga ndinamuchitira pamaso pa akazi ake. Angakhale akulondola.

Tiana tiwiri tikukula, tayamba kutsatira mayi wawo mpaka pamwamba pa gombe. Kamodzi kanandiona, kanandiopseza ndi timano ngati minga. Dzulo ndinapeza mapazi a munthu pamiyala yofiira, moyang'ana khwawa. Oponda ndi chidendene. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, fodya wake analavulira pamwala.

Lachitatu, 27 Novembala

M'mawa uno ndili m'nyumba, tiyi ali m'manja. Belu panjira, limodzi lokha, la Sampu. Ndinati sindituluka, ndatopa n'kuchita manyazi. Belu linaima pachipata.

"Pakine! Iwe Pakine! Ukadagona? Dzuka, Pakiteng wanga wasamutsa ana, akulowera kudambo kumene kuli ng'ombe za Mepukori. Amakulipira chiyani kodi?"

Tiyi anatayikira pamwendo, sindinamve kutentha. Nasieku watembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati akuseka kapena akulira.

Pakine. Mkango ndiye ng'ombe, ine ndine mbuzi. Ndavomera, Mulungu wanga, ndavomera ndi manja awiri. Akukuwabe panjapo, akuti ndikachedwa andisiya. Nsapato ina ija ili kuti